Chiphaso Chitsogole, Dzina la Dokotala Litsatire

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020, yunivesite ya Illinois mumzinda wa Chicago inatsegula maphunziro a mtundu umene kunalibe m'dziko lonse la America, omwe ndi digiri ya udokotala ya akatswiri othandiza odwala kudzera m'masewera olimbitsa thupi, ntchito yotchedwa clinical exercise physiology. Digiriyi anaikonzera munthu amene akufuna kukhala m'chipatala pambali pa wodwala mtima, shuga, mapapo kapena khansa, ndipo ochirikiza maphunziro otere amakhulupirira kuti akweza ntchitoyi kuti ifike pamene pali anzawo a mafizo ndi a zamankhwala ogwira ntchito m'mafamase. Ine ndikuona kuti cholingacho n'chabwino koma zinthu zatsogozana molakwika, pakuti chimene chikutsekereza akatswiriwa ndi kusowa kwa lamulo lowazindikira komanso kusowa kwa wolipira ntchito yawo, ndipo ziwirizi palibe yunivesite imene ingazipereke pa tsiku la mwambo wolandira madigiri.

Anthu ambiri akamva za masewera olimbitsa thupi amaganiza za mphunzitsi wa kujimu kapena wa timu ya mpira, choncho ndi bwino tifotokoze kaye zimene katswiriyu amachita. Kwa iye kumabwera munthu amene wangochitidwa kumene opaleshoni ya mitsempha ya mtima, ndipo funso lofuna yankho ndi lakuti munthuyu ayende mwamphamvu bwanji, kwa mphindi zingati, kangati pa sabata, kuti mtima ulimbe popanda kumuika pangozi. Kuti ayankhe, katswiriyu amamuyendetsa pa makina a treadmill kapena kumupalasitsa njinga yosachoka pamalo, atamumata mawaya owerenga kagundidwe ka mtima, ndipo nthawi zina atamuveka chophimba kukamwa ndi mphuno choyeza mpweya wa okosijeni umene thupi likugwiritsa ntchito. Njira yoyezera imene zipatala zambiri zimatsatabe pa treadmill inafalitsidwa ndi Robert Bruce wa ku Seattle mu 1963, ndipo imakweza liwiro ndi chitunda pakatha mphindi zitatu zilizonse. Zotsatira za kuyeza kotereku zimalemera kwambiri, moti kwa wodwala amene mtima wake ukulephera kupopa bwino magazi, kupezeka kuti sangapitirire mamililita 14 a okosijeni pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa mphindi imodzi ndi chimodzi mwa zinthu zimene madokotala amayang'ana poganizira zomuika pa mndandanda wodikira mtima wina.

Ntchitoyi ili ndi misampha yake imene munthu wosaphunzira bwino angagweremo. Wodwala amene akumwa mankhwala a gulu la beta blocker mtima wake suthamanga monga wa munthu wina, kotero kuti chiwerengero chodziwika chija chochotsera zaka za munthu pa 220 pofuna kudziwa malire a kugunda kwa mtima wake pa mphindi imodzi chimasocheretsa, ndipo katswiri amadalira zoyeza zenizeni pamodzi ndi muyeso wa Gunnar Borg, umene wodwala amanena yekha kuchuluka kwa kutopa kwake pa manambala oyambira 6 kulekezera 20. Wodwala shuga wobaya insulini akhoza kukomoka shuga atatsika pakati pa masewera, kapenanso usiku atagona, ngati nthawi ya chakudya, jakisoni ndi masewerawo sizinayalidwe bwino. Munthu amene mitsempha ya magazi ya m'miyendo yake yatsekeka amauzidwa zimene zimamveka ngati nkhanza, kuti ayende mpaka ululu uyambe ndi kukula ndithu, apume, kenako ayambirenso, chifukwa ndi mmene mtunda umene angayende umatalikira. Aliyense wonena kuti ntchito yotere siifuna maphunziro akuya sanaione ikuchitika.

Umboni wakuti masewera olimbitsa thupi ndi chithandizo unabwera pang'onopang'ono, ndipo unagwetsa chikhulupiriro chimene madokotala anachigwiritsitsa kwa zaka zambiri. Isanafike 1950, munthu amene mtima wake wagwidwa mwadzidzidzi ankagonekedwa pabedi pafupifupi masabata asanu ndi limodzi. Mu 1952, Samuel Levine ndi Bernard Lown a ku Boston anafalitsa zotsatira za kukhazika odwala otere pampando m'malo mowagoneka, chinthu chimene ambiri pa nthawiyo anachiona ngati kuseweretsa moyo. Chaka chotsatira, Jeremy Morris anasonyeza kuti makondakitala a mabasi a ku London, amene ankakwera ndi kutsika masitepe tsiku lonse, ankadwala mtima mocheperapo poyerekeza ndi madalaivala okhala pampando. Kenako mu 1966, ku Dallas, anyamata asanu a zaka 20 anagonekedwa pabedi masabata atatu, ndipo mphamvu ya matupi awo yogwiritsa ntchito okosijeni inatsika ndi magawo oposa 25 pa 100 aliwonse. Atayezedwanso patapita zaka 30, zinapezeka kuti masabata atatu a pabedi aja anawafooketsa kuposa mmene zaka 30 za kukula zinawafooketsera. Mu 2002, kafukufuku wa Diabetes Prevention Program anapeza kuti kusintha kadyedwe ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata kunachepetsa chiopsezo cha matenda a shuga ndi 58 peresenti, pamene mankhwala a metformin anachepetsa ndi 31 peresenti. Ndipo mu 2025, kafukufuku wa CHALLENGE, wotsogoleredwa ndi akatswiri a ku Canada pa odwala khansa ya m'matumbo 889, anasonyeza kuti amene analowa m'ndondomeko ya masewera yoyang'aniridwa kwa zaka zitatu anali ndi mwayi wokulirapo wokhala moyo khansa isanabwerenso kusiyana ndi amene anangopatsidwa mabuku a malangizo.

Sayansi ilipo yokwanira, ndipo mkangano wanga suli pamenepo. Uli pa funso lakuti wachinyamata amene wakopeka ndi ntchitoyi atsate njira iti, ndipo apa mpofunika kusiyanitsa madigiri awiri amene onse amapatsa munthu dzina la dokotala koma amapita kosiyana. PhD ndi maphunziro a kafukufuku, amene nthawi zambiri amatenga zaka zinayi kapena kuposerapo, ndipo munthu amatulukamo wodziwa kufunsa funso limodzi lopapatiza, kuliyesa ndi kulemba zimene wapeza. Akhoza kuimaliza atathera zaka zonsezo pa minofu ya makoswe, osagwirapo dzanja la wodwala ngakhale kamodzi. Digiri ya udokotala ya ntchito, monga ya ku Chicago ija, imaphunzitsa kuyeza, kuwerenga zotsatira, kudziwa mankhwala ndi kuyang'anira odwala ovuta, ndipo wophunzira amathera nthawi yambiri m'zipatala. Ophunzira ambiri amasokoneza ziwirizi, n'kulowa PhD poganiza kuti iwatsegulira khomo la chipatala, kenako n'kudzazindikira mochedwa kuti wolemba ntchito m'chipatalamo akufunsa za maola amene anakhala ndi odwala, osati za pepala limene anasindikiza.

Maola amenewo ndiwo maziko a setifiketi yodziwika kwambiri pa ntchitoyi, yoperekedwa ndi bungwe la American College of Sports Medicine, limene linakhazikitsidwa mu 1954. Kuti munthu alembe mayeso ake amafunika digiri yoyamba pamodzi ndi maola 1,200 ogwira ntchito ndi odwala, kapena digiri yachiwiri ya masitazi pamodzi ndi maola 600. Digiri ya udokotala siitchulidwa monga chofunika. Koma setifiketi ya bungwe ndi yosiyana ndi chiphaso cha boma, ndipo apa ndi pamene pagona vuto lonse. Mwa zigawo 50 za dziko la America, Louisiana yokha ndi imene ili ndi lamulo lopereka chiphaso kwa akatswiriwa, kuyambira m'zaka za m'ma 1990. M'zigawo zinazo, lamulo silinena kuti katswiriyu ndani, ntchito yake imalekezera pati, ndiponso ndani angamulande chilolezo akalakwitsa. Ndondomeko ya Medicare, imene imalipirira chithandizo cha okalamba, imalipira ndithu maulendo 36 a masewera obwezeretsa mphamvu za mtima, ndipo inawonjezerapo odwala ena a mtima wolephera kupopa mu 2014 ndi odwala mitsempha ya m'miyendo mu 2017, koma ndalamazo zimadzera m'dzina la chipatala kapena la dokotala woyang'anira. Kuyambira mu Januwale 2024 lamulo linalola anamwino a maphunziro apamwamba ndi othandizira madokotala kuyang'anira mapulogalamu otere, pamene munthu amene amaima pambali pa treadmill tsiku ndi tsiku, wodziwa wodwala aliyense ndi mankhwala ake, sanalowe pa mndandandawo. Akabwera ndi digiri ya udokotala mawa, mndandandawo ukhala uli chimodzimodzi.

Ochirikiza digiri yatsopanoyi amaloza kwa a mafizo, ndipo m'pomveka kutero. Yunivesite ya Creighton inatsegula digiri ya udokotala wa mafizo mu 1993, bungwe lawo linalengeza mu 2000 kuti likufuna a mafizo onse atsopano adzakhale madokotala pofika 2020, ndipo lero palibe sukulu yovomerezeka ku America imene imatulutsa wa mafizo ndi digiri yotsikirapo. A zamankhwala nawonso anasamukira ku digiri ya udokotala yotchedwa PharmD cha m'ma 2000. Chimene chitsanzochi chimabisa n'chakuti a mafizo ndi a zamankhwala anali kale ndi ziphaso za boma m'zigawo zonse kwa zaka makumi ambiri, ntchito yawo inali yotetezedwa ndi lamulo, ndipo makampani a inshuwaransi ankawalipira kale. Digiri ya udokotala inafika pa ntchito yokhazikika kale, n'kuiwonjezera ulemu. Ngakhale kwa iwo, madandaulo sanasowe, pakuti ophunzira ambiri a mafizo ku America amamaliza sukulu ndi ngongole yaikulu imene malipiro awo sanakwere mofanana nayo. Tsono ngati zili choncho kwa a mafizo, amene malipiro awo apakatikati ali pafupifupi madola 100,000 pachaka, zidzakhala bwanji kwa katswiri wa masewera olimbitsa thupi, amene malipiro ake apakatikati ali pakati pa madola 50,000 ndi 60,000? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo wophunzira aliyense ayenera kung'amba mkuyuwo asanasaine fomu ya ngongole.

Mayiko awiri asonyeza kuti njira ina ilipo. Ku Australia, katswiri wovomerezedwa ndi bungwe la Exercise and Sports Science Australia amafunika zaka zosachepera zinayi za maphunziro a payunivesite pamodzi ndi maola oyang'aniridwa ndi odwala, ndipo kuyambira mu 2006 ndondomeko ya boma ya Medicare ya kumeneko imalipira mwachindunji pamene dokotala watumiza wodwala matenda okhalitsa kwa katswiriyu. Chaka chimenecho chinasintha ntchito yonse, chifukwa mayunivesite anatsegula maphunziro ambiri podziwa kuti omaliza apeza ntchito, akatswiri anatsegula makiliniki awoawo, ndipo madokotala anazolowera kulemba kalata yotumiza wodwala kwa iwo. Palibe amene anafunsidwa digiri ya udokotala. Pafupi ndi kwathu kuno, South Africa inayamba kale kwambiri, pakuti ntchito yofanana ndi imeneyi, yotchedwa biokinetics, inazindikiridwa ndi lamulo mu 1983, ndipo lero akatswiri ake amalembetsa ku Health Professions Council of South Africa monga amachitira a mafizo ndi madokotala. Amalawi ambiri okhala ku Johannesburg ndi ku Cape Town amaona zikwangwani zawo pa makoma a zipatala osadziwa kuti dziko limeneli linatsogola America pa nkhaniyi ndi zaka zambiri.

Pali mfundo imodzi ya otsutsana nane imene ndimaipatsa ulemu waukulu. Iwo amati odwala a masiku ano ndi ovuta kuposa a zaka 40 zapitazo, ndipo akunena zoona. Munthu amene kale akanamwalira tsopano akufika pa treadmill ali ndi kachipangizo kopopa magazi koikidwa m'chifuwa, kamene kamachititsa kuti kugunda kwa mtima kusamveke bwino padzanja ndipo BP isayezeke m'njira ya masiku onse; wina wangolandira mapapo a munthu wina; wina akulandira mankhwala a khansa amene amafooketsa minofu ya mtima; ambiri ali ndi matenda anayi kapena asanu nthawi imodzi ndi mankhwala oposa khumi. Amanenanso kuti aphungu a nyumba ya malamulo ndi makampani a inshuwaransi sangazindikire ntchito imene ophunzira ake amachokera ku masukulu osiyana kwambiri, ena ophunzitsa mozama kuwerenga ECG, yomwe ndi chithunzi cha kagundidwe ka mtima, ena ongokhudzako pang'ono, ndipo kuti digiri imodzi yapamwamba ingabweretse muyeso umodzi. Ndikuvomereza kuti kusiyana kwa masukulu ndi bala lenileni. Koma mankhwala a bala limeneli ndi kuvomereza masukulu potsata muyeso umodzi wokhwima ndi kukana ophunzira a masukulu osafika pa muyesowo, monga anachitira a ku Australia, ndipo zimenezi zingatheke pa digiri ya masitazi. Odwala ovuta kwambiri aja amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zochepa, ndipo kwa akatswiri ogwira ntchito kumeneko, kapena ofuna kutsogolera dipatimenti, digiri ya udokotala ili ndi phindu ndithu. Chimene ndikukana ndi kuisandutsa khomo lolowera aliyense.

Chifukwa chake chili pa odwala eni ake. Ku America, mwa okalamba oyenera kulowa m'pulogalamu yobwezeretsa mphamvu za mtima, pafupifupi mmodzi yekha mwa anayi ndi amene amalowadi, pamene ndondomeko ya boma ya Million Hearts inaika cholinga cha 70 peresenti. Amene amasiyidwa kwambiri ndi amayi, anthu akuda, osauka ndi okhala kumadera akutali ndi mizinda. Mpata waukulu chotere umatsekedwa ndi akatswiri ambiri ophunzitsidwa mokwanira, ofika mpaka m'zipatala zazing'ono, ndipo chaka chilichonse chowonjezera pa maphunziro, pamodzi ndi fizi yake, chimachotsa pa mzere ana a mabanja osauka, omwe ndi amene kawirikawiri amavomera kubwerera kukagwira ntchito kumadera kumene anachokera. Tisaiwalenso chisokonezo chimene dzina lokha limabweretsa m'chipatala, pamene wodwala wokalamba amva wa mafizo, wa zamankhwala, namwino ndi wa masewera onse akudzitchula dokotala, iye n'kumafuna kudziwa kuti amene angasinthe mankhwala ake ndi uti.

Kumene digiri ya udokotala ili yosalowedwa m'malo ndi ku kafukufuku ndi ku uphunzitsi, ndipo kumeneku ndi kumene nkhaniyi imatikhudza ife. Pafupifupi umboni wonse umene ndautchula unachokera kwa anthu a ku America, ku Ulaya, ku Canada ndi ku Australia. Wodwala wa ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena wa ku Kamuzu Central ku Lilongwe kawirikawiri ndi wosiyana, chifukwa akhoza kukhala mtsikana amene zitseko za mtima wake zinawonongeka ndi matenda a rheumatic fever ali mwana, bambo wa zaka 45 amene wachita sitiroko chifukwa cha BP imene sankaidziwa, munthu amene wachira TB koma mapapo ake anatsala ndi zipsera, kapena mayi amene wamwa ma ARV zaka zambiri ndipo tsopano wayamba kudwala shuga. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Langizo la World Health Organization la mphindi 150 mpaka 300 pa sabata limamveka m'njira ina kwa wogwira ntchito muofesi ku City Centre, ndipo limamveka m'njira inanso kwa mayi wa kumudzi amene amalima, kutunga madzi ndi kusenza nkhuni tsiku lililonse koma BP yake n'kukhalabe yokwera. Ndi masewera ati amene angathandize munthu wotereyu, oyezedwa ndi chiyani pamene kulibe makina oyeza okosijeni, ndipo oyang'aniridwa ndi yani pamene chipatala chili kutali? Mafunso otere amayankhidwa ndi anthu ophunzitsidwa kufufuza, ndipo imeneyo ndi ntchito ya PhD.

Choncho Mmalawi kapena Mzambia amene ali ndi digiri ya mafizo, ya unamwino kapena ya sayansi ya masewera, ndipo akulingalira zopita kunja, ali ndi chisankho chosiyana ndi cha mnzake wa ku Chicago. Maphunziro a digiri ya mafizo anayamba mu 2010 pa College of Medicine, imene tsopano ili gawo la Kamuzu University of Health Sciences, ndipo a mafizo amalembetsa ku Medical Council of Malawi, kutanthauza kuti ali kale ndi chiphaso chogwira wodwala. Kwa munthu wotero, digiri ya masitazi ya masewera othandiza odwala imawonjezera luso pa chiphaso chimene ali nacho kale, ndipo akhoza kuyamba kuligwiritsa ntchito atangobwerera. PhD imam'patsa mphamvu yophunzitsa ena ndi yopempha ndalama za kafukufuku, bola ngati funso lake lili pa odwala akwathu ndipo woyang'anira wake wavomera kuti gawo la ntchitoyo lichitikire kuno. Digiri ya udokotala ya ntchito, yolipiridwa ndi madola ndiponso yokonzedwera zipatala zokhala ndi makina opopa magazi a m'chifuwa, ndiyo imene ndingaiike pomalizira pa zitatuzi, ndipo munthu asanaiganizire n'komwe alembere kaye kalata bungwe lopereka ziphaso la dziko limene akufuna kukagwirako ntchito, afunse ngati pepala limenelo lili ndi malo m'kaundula wawo.